Kumeta Mutu Umodzi

Pulofesoro Gerson, mphunzitsi wa kusekondale, atamaliza kupepesa maliro sadanyamuke. Adakhalabe pakhonde akupotokola chipewa chawo, mpaka amayi a mphakati wa kutchalitchi atatsikira kudambo kukatunga madzi. Pamenepo ndi pomwe adauza a Berta, mkazi wa malemu Severino, chimene chidawayendetsa.

Mwana wa a Berta, Odeta, wa kalasi yomaliza ya sekondale, adayamba chaka ali patsogolo pa Chingerezi. Chidwalire bambo ake, nota zake za m'mayeso zidangotsika, ndipo tsopano zidali pansi pa khumi, malire okhozera. Lachisanu kudali pulova yotsiriza, mayeso a m'kalasi. Akailephera, kapena akapanda kubwera, sadzaloledwa kulemba ezame, mayeso aakulu a boma.

A Berta adathokoza, nawaperekeza mpaka pankhokwe, pomwe wamasiye amalekezera. Sadalonjeze kanthu.

Pakhomopo mawu adali a Feliciana, mlongo wa malemu. Iwo adanena poyera maliro atangoikidwa kuti wa m'nyumbamo asapite kutali kufikira tsiku lometa. Kumetako kunkadikira a Ezekieli, mkulu wa banja, amene adabwerera ku Katete nati adzabweranso akatha kugalauza munda wawo. Palibe adadziwa kuti mundawo ngwaukulu bwanji.

Chingerezi cha a Severino chidali chochepa, chotola ali mwana kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Komabe Loweruka lililonse ankapita ndi Odeta ku Cassacatiza, kumalire, kumene makamiyau, malole akuluakulu aja, amaima kudikira mapepala, namupatsa dengu la nthochi kuti agulitse kwa oyendetsa a ku Zambia. A Severino ankaima poteropo ngati sakumudziwa. A Berta sadaphunzire, koma adaona kuti maulendowo atatha, mwanayo adaleka kudziyankhulira yekha chilankhulo chija potsuka mbale.

A Berta adapeza Odeta kuseri kwa nyumba akusenda mtedza wa mbewu, namuuza kuti atenge buku lake. Odeta adayankha osadzutsa mutu kuti zatha, adzabwereza chaka chamawa.

"Chaka chamawa udzakhala kumunda ndi ine, ndipo ukudziwa," adatero a Berta. "Katenge. Uwerenge mokweza."

"Inu mumva chiyani, amayi?"

"Mawuwo sindimva. Koma munthu akapunthwa ndimamva."

Adamulanda lichero nayamba kusenda okha. Odeta adawerenga chapansipansi, mawu akutuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. Akangokakamira, amayi ake ankagogoda lichero ndi chala kuti abwereze. Malo ena adabwereza mpaka adakwiya, kenako adaseka, kuseka koyamba chimwalirire bambo ake.

Kusekako ndi kumene kudaitana a Feliciana.

"Kodi pano pasanduka sukulu, mlamu? Dothi la pamanda silinaume."

A Berta adafotokoza zonse zimene pulofesoro adanena. A Feliciana adamvetsera ataima, manja ali kumbuyo. Adati kuwerenga awerenge, koma motsitsa mawu; za Lachisanu aiwale. Mwana akatuluka ndi tsitsi la maliro, china chikamugwera panjira, dzina lotchulidwa lidzakhala lawo. A Ezekieli sadzafunsa wamasiye, adzafunsa mlongo amene adamusiyira khomo. A Berta adaona kuti si nkhanza ayi. Mayiyu ndiye adasambitsa wodwala miyezi yonse ija, ndipo m'mawa uliwonse ankaikira a Berta madzi ofunda kubafa.

A Berta sadawatsutse. Kuwerenga kudapitirira, m'mawa ndi masana, mtedza ukudzaza thumba. Odeta adayamba kudziimitsa yekha asadamve kugogoda. Nthawi zina ankatseka buku nafotokozera nkhuku zimene wawerenga.

Lachinayi m'mawa, atatha kupemphera korona, a Berta adatenga beseni, sopo ndi lezala latsopano. Adapeza a Feliciana atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi amayi awiri a mphakati. Adaika zinthuzo patsogolo pawo, nagwada.

"Alamu, mwambo sindikuukana. Mwati wosametedwa asachoke, ndamva. Ndiye mumete mwanayu. Enafe tidikira a Ezekieli, ngakhale mvula itipeze."

Amayi a mphakati adayang'anana. A Feliciana adati chibadwire sadaonepo maliro ometa mutu umodzi. A Berta adavomera kuti nawonso sadaonepo. Adati akadatha kumumeta okha kuseri, kapena kumuthawitsa mbandakucha, koma malirowa ndi a eni ake, ndipo dzanja lomasula mwanayo ndi lomwe lidatseka maso a bambo ake.

"Nanga a Ezekieli akandifunsa?"

"Mudzawauze kuti ndidagwada, ndipo sindidadzuke."

Sadadzukedi. Dothi lidayamba kutentha m'maondo. A Feliciana adayang'ana kumbali, nayamba kukamba ndi amayi aja za mbewu ya chimanga, ngati pamaso pawo palibe munthu. A Berta adangogwira korona m'dzanja, milomo ikuyenda.

Odeta adatuluka m'nyumba. Tsitsi lake adalisunga chiyambire sekondale, ndipo anzake ankabwera kudzaphunzira kuluka pamutu pake. Adakhala pamphasa chofulatira azakhali ake, nayamba kumasula malukowo, limodzi limodzi.

A Feliciana adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako adapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, nsalu yomwe adavala, nakokera beseni pafupi.

"Dzukani, mlamu, mungandichimwitse. Iwe, weramira kuno. Tsitsi ngati la mbuzi ya ku Angonia."

Adayamba mwaukali, koma pofika kuseri kwa makutu dzanja lidafewa. Tsitsi linkagwera pamphasa, a Berta akulitola kuti likakwiriridwe monga mwa mwambo. Pometapo a Feliciana ankang'ung'udza kuti mutu woterewu ukakalephera pulova adzaumetanso ndi khasu. Adatinso iwo pabenchi lawo la malonda ku Cassacatiza adatopa kuyankhula ndi zala kwa anthu a makamiyau, choncho kuyambira Loweruka mtsikanayu azikakhala pamenepo mpaka ezame itadutsa, ndipo asadzamve akugulitsa m'Chinyanja.

Lachisanu Odeta adavala yunifolomu, namanga duku loyera. Sukulu idali kutali, ndipo dzuwa la mwezi umenewo silichedwa kupsa. Ali pafupi kuuyamba ulendo wapansi, a Feliciana adalowa m'chipinda chimene adachitseka okha, momwe mudali katundu wa malemu wodikira kugawidwa, natuluka akukankha njinga. Adaipopa, nayesa mabuleki, nakwinya kapulana wawo kuti apalase.

Odeta adati akhale pakaliyala, koma azakhali ake adamugwira mkono. Adavula nsalu ya paphewa, naipinda kangapo, naiyala pachitsulopo, naimanga bwinobwino ndi mphira kuti isaterereke.

"Alongo anga sankakweza munthu pachitsulo," adatero akusalaza nsaluyo ndi chikhatho. "Ngakhale mbuzi ankaiyalira thumba. Kwera."