Nsapato za Kaputeni Henare

"Zaka makumi awiri ndikuyendetsa boti ku Paihia, palibe mwana wa dolofini, nyama ya m'nyanja ija, anafapo chifukwa cha ine," anatero Henare mokweza, kuti alendo khumi amene anabwera nawo kudzaona nkhalango amve. "Zachilengedwe zili m'magazi mwangamu."

Ngaire, msuweni wake wolondera nkhalango ya mitengo ya kauri, anangoyang'ana nsapato za Henare.

Pageti la nkhalangoyo pali burashi ndi mankhwala opopera, chifukwa nthenda yopha kauri imayenda ndi dothi la kunsapato. Alendo anaima pamzere. Henare, chipewa cha ukaputeni chili pamutu, analambalala.

"Asuweni, burashi ili kuno."

"Zimenezo n'za alendo, iwe. Zangazi n'zoyera. Ukapezamo dothi, nditsuka nsapato za aliyense pano."

"Mwamva nonse," anatero Ngaire. "Koma tandiuzani, dolofini woyamwitsa mumamuyandikira ndi boti?"

"Sindingayerekeze! Amabereka kamodzi pa zaka zitatu kapena kuposa. Ukamusokoneza, mwana sayamwa, basi wapita."

"Kauri ndi chimodzimodzi, kungoti suthawa. Dolofini amamira n'kukusiyani. Mtengo umaima pamodzi zaka chikwi, mizu yake yodyera ili pamwamba penipeni, poponda inu." Analoza mtengo wouma nsonga, utomoni ukuchucha patsinde. "Uwo unadwala kalekale, ife tazindikira chaka chatha. Mankhwala ochiza kulibe. Waukulu wamoyo watsala umodzi kuno, uja tinkabisalako tili ana."

Atatero anatola kamtengo, nauza Henare kuti akweze phazi. Anatokosa kunsi kwa nsapato. Dothi linagwa, lokwana supuni.

"Loweruka munali kuti?"

"Kosaka nguluwe."

"Chigwa chiti?"

Henare anayang'ana kumwamba ngati dzina la chigwacho lalembedwa m'mitambo. Ngaire ankachidziwa: ndi chija chinatsekedwa mitengo yake itatha kuuma ndi nthendayo.

Kaputeni anagwada, nayamba kutsuka nsapato za alendo. Mayi wina wachikulire mwa alendowo anamusungira chipewa, ndipo itafika nthawi ya nsapato zake anawerama n'kunena, "Akaputeni, apa mwasiya."

Henare anabwerezapo. Anatsuka za anthu khumi, kenako zake kawiri. Ngaire anaziyendera bwinobwino, natsegula geti.

Phunziro: Chothawa timafulumira kuchimvera chisoni, koma chosathawa chimangodalira mapazi athu. Tsukani nsapato musanalowe m'nkhalango, ngakhale muli ndi chipewa.