Mbuzi Inadya Mphatso

Leonard Kapito anakulira ku Ndirande. Boma litamutumiza ku Rumphi kukagwira ukalaliki, Chitumbuka chinamukanika, anangothera pa "yewo". Koma Tryness, namwino wa ku Hewe, Leonard sanafune kuti amukanike.

Mnzake wa mu ofesi anamuuza kuti akazi ophunzira masiku ano safuna sopo, amafuna maluwa. Pa Boma panalibe wogulitsa maluwa. Choncho Loweruka lina mu Januwale, Tryness ali kwa makolo ake, Leonard anakwera matola, kenaka n'kuyenda pansi kukwera mapiri ozizira a kufupi ndi Nyika. M'dambo lina, momwe nsapato zake za ku ofesi zinamira m'matope, anaona duwa litaima pakati pa udzu waufupi. Phesi linali limodzi lofika m'bondo, masamba atalikumbatira, ndipo kunsonga kunali timaluwa tofiirira tothinana, kalikonse ndi kaduku kake ngati amayi a mvano. Analizula lonse. Pansi panali kanthu konga kambatata.

Anafika ku Hewe atanyoweratu, nagwada, napereka duwalo kwa Tryness. Amayi ake, a Rahab, analanda. Anathyola maluwawo n'kuponyera mbuzi, natembenuza kambatata kaja m'dzanja.

"Yewo, adada. Koma kamodzi kokha? Chinaka chimenechi tidye anthu angati?"

Apo mpamene Leonard anadziwa kuti chinakacho, chikande chomwe ankagula mumsika kwawo, chimakhala ndi maluwa. Anayesa kufotokoza kuti mphatso inali yakumwamba ija, imene mbuzi inali kumaliza. A Rahab anati ngati zili choncho afunsire mbuziyo. Tryness anaseka mpaka kutsamira khoma.

Komabe mayiwo anafuna kudziwa komwe analipeza. Anati chinaka chimadana ndi kutentha kwa m'chigwa, chimamera m'madambo a kumapiri, kuno, ku Chitipa, mpaka ku Zambia, ndipo chapafupi anthu anakumba chonse. Mvula ikatha Leonard adzawalondolere kudambo kuja.

Mu Meyi Leonard anatsogolera a Rahab ndi azilongosi awo, makasu paphewa. Maluwa anali atauma, mapiri onse akufanana, nkhungu ili mbuu. Anawazunguza tsiku lonse, dambo osaoneka. Anabwerera ndi madengu opanda kanthu, Leonard akutsimphina m'mbuyo, atataya mtima.

Atafika, a Rahab anauza mwana wawo kuti amulole. Anati mwamuna wosochera chonchi sangapeze njira ya kwa mkazi wina. Ukwati unachitika mu Ogasiti.