Mkazi wa Fidelis

"Ati kumeneko abambo awiri akumalowa m'tchalitchi atagwirana manja, m'busa n'kuwadalitsa," anatero Mai Cathy akukolopa kutsogolo kwa guwa. "Ndamva ndekha pawailesi. Atsogoleri a mipingo akumana ku Ulaya, mpaka akangana."

Linali Loweruka, tsiku limene amayi a mpingo wina wa pa Benga ankasesa ndi kukolopa m'tchalitchi mwawo. Atamva zimenezi, onse anaimika masache.

"Nanga diresi loyera amavala ndani?" anafunsa wina.

"Amene ali ndi ndevu zochepa!"

Chiphwete chinabuka. Mai Leah, omwe anali mtsogoleri wa amayiwo, anaseka nawo mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Koma Mai Cathy sanaseke. Anafinya chikolopa chawo mundowa, n'kunena osayang'ana munthu:

"Inu amake Fide musaseke kwambiri. Tikuseka za ku Ulaya, pomwe Ulayayo ali pakhonde la sitolo ya a Zaidi pamsika pomwepa."

Amayi anawerama, aliyense n'kuyamba kusesa malo osesa kale.

Pakhonde la sitolo ya a Zaidi ndi pomwe Fidelis, mwana wamwamuna yekhayo wa Mai Leah, ankasokera zovala. Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, Steward ankakonza njinga. Awiriwa anakhala nyumba imodzi kuseri kwa msika kwa zaka zambiri, ndipo anthu ankangowatcha mapasa. Steward anachokera cha ku Dwangwa, analibe mbale pa Benga. Chichokereni bambo ake a Fidelis, omwe anamira ndi mphepo ya mwera ali ku usodzi, Steward ndiye ankafolera nyumba ya Mai Leah dzinja likayandikira. Chaka chomwe mayiwo anadwala malungo aakulu, ndiye anawapalasa pa njinga mpaka kuchipatala ku boma. Iwo ankamuitana kuti mwana wanga.

Lamulungu m'busa anawerenga buku la Genesis. "Mwamuna ndi mkazi anawalenga," anabwereza mawuwo akumenya Baibulo ndi chala. "Matipate atibweretsera ufulu wolankhula, tikuthokoza. Koma ufulu wa ku Sodomu mumpingo muno suloledwa." Anthu anavomera ameni wamphamvu, ndipo Mai Leah anaona makosi akutembenukira ku kwaya, komwe Fidelis anakhala ndi buku la nyimbo pamiyendo. Ulaliki utatha, mnyamatayo anaimirira n'kuyambitsa nyimbo monga mwa masiku onse. Mawu ake sananjenjemere. Amene ankanjenjemera anali mayi ake.

M'kati mwa sabata, Mai Leah akuyanika mpunga pabwalo, kunabwera a Tedson, mkulu wa mpingo yemwe anali bwenzi la malemu amuna awo. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kuyamba kufunsa za mvula ndi za mbalame za ku mpunga. Kenako anatsokomola.

"Mayi, akuluakulu takumana. Nkhani ya mwana wathu Fidelis yafika poti sitingaitsekere m'manja."

"Ndani anawaona akuchita choipa?"

"Palibe. Koma utsi sufuka popanda moto. Mwamuna wa ndevu zake, ntchito ali nayo, nkhope ali nayo, koma sanafunsirepo mbeta ngakhale mmodzi. Kale tinkangoti ndi wamanyazi. Lero anthu amva za pawailesizi, ayamba kuwerengera."

"Kodi Ambuye sanati amene alibe tchimo ayambe kuponya mwala?"

"Anatero ndithu. Koma mayi uja anamuuzanso kuti pita, usakachimwenso. Baibulo sitiwerenga theka, mayi." A Tedson anatembenuza chipewa chawo. "Ine sindikumuda mwanayu, ndinamunyamula pa ubatizo. Chimene tagwirizana n'chakuti akwatire, ndipo mnzakeyo achoke m'nyumba. Apo ayi, timuimika ku kwaya ndi ku mgonero. Komanso mudziwe kuti pali anyamata ena akunena zokawaneneza kupolisi. Matipate sanasinthe lamulo limenelo. Ndi ndende."

Mawa lake masana, Mai Leah anapita kuseri kwa msika. Anapeza Fidelis ndi Steward akudya chinangwa chophika ndi usipa m'mbale imodzi. Steward anadzuka msanga, n'kuwapatsa mpando wake, kenako anatuluka ati akaone njinga ya munthu. M'nyumbamo munali mwaudongo. Pakhoma panali chithunzi cha Yesu atanyamula nkhosa, ndipo kuchipinda, komwe nsalu yotchingira inali yopinda, kunkaoneka bedi limodzi. Mai Leah analowamo kambirimbiri m'nyumbayi, koma tsiku limeneli ndiye analiyang'ana bedilo.

"Fide, ndiuze kuti anthu akunama. Ukangotero, ndipita ndekha kwa a Tedson, ndikawang'ambe pakamwa onse."

Fidelis anasamba m'manja pang'onopang'ono.

"Amayi, mukufuna ndikunamizeni?"

"Ndikufuna undiyankhe."

"Munadziwa kale, amayi. Mukatibweretsera mpunga mumati, uwu ndi wa pakhomo panu. Simunandifunsepo kuti mpongozi abwera liti."

Mai Leah anayang'ana kumbali. "Ndi tchimo, mwana wanga. Si ine ndinalemba."

"Ndikudziwa mmene panalembedwera. Ndinayamba kupemphera ndili ku pulayimale. Ndinasala kudya mpaka munanditengera kuchipatala, mukukumbuka? Ndinkati Mulungu achotse chimenechi mwa ine. Sanachotse. M'malo mwake kunabwera Steward. Sindinabe, sindinaphe, sindinagwirepo mkazi wa mwini. Za ukwati wa m'tchalitchi zomwe akunena pawailesizo ife sitinapemphe. Timangofuna atisiye."

"Sakusiyani. Akulu a mpingo akuti ukwatire, Steward achoke m'nyumba muno. Ena akunena za kupolisi."

Fidelis anayang'ana pakhomo pomwe Steward anatulukira. "Ine ndende ndingapirire. Koma iyeyu ali ndi chifuwa cha mphumu."

"Nanga ine? Ndinaika bambo ako opanda mtembo. Ukufuna ndikamafa ndidziwe kuti mwana wanga sindikamuona kumwamba?" Apa mayiwo analira, ndipo mwana wawo anangogwira mutu.

Fidelis sanavomere zokwatirazo tsiku lomwelo. Koma makasitomala anayamba kudutsa pakhonde paja osaima. Amayi a mpingo anakatenga nsalu zawo za yunifolomu zisanasokedwe. Ana asukulu ankakuwa mawu achipongwe n'kuthawa. Tsiku lina la msika, anyamata anagwetsa njinga zonse zomwe Steward ankakonza n'kumumenya ndi pampu pachipumi, anthu akuonerera. A Zaidi, omwe anali Msilamu wosakonda zolankhulalankhula, anatuluka n'kuwabalalitsa, koma pambuyo pake anauza Fidelis mwaulemu kuti ku mzikiti nakonso ayamba kuwafunsa za khonde lawo.

Steward ndiye anafika kwa Mai Leah, chipumi atamanga nsanza, chikwama chili pakaliyala.

"Amayi, ndikupita ku Dwangwa, ndikadule nzimbe. Fide ndamuuza kuti amvere inu."

Mai Leah anafuna kunena kuti fumbi la nzimbe ndi chifuwa chakecho siziyenderana. Anafuna kumuuza kuti alowe adye kaye. Koma tsidya la msewu kunali amayi awiri a mpingo ataima ndi mitolo ya nkhuni, akuyang'ana.

"Uyende bwino," anatero.

"Denga la kukhitchini lija likudontha chakumpoto. Muuze munthu alione mvula isanabwere." Anakwera njinga yake n'kumapita.

Fidelis atavomera zokwatira, mkazi anamupeza Mai Leah eni ake. Kwa Malengachanzi kunali mtsikana dzina lake Talandira, wamasiye, yemwe ankaleredwa ndi azakhali ake okalamba. Anali wakhama kumunda, waulemu, ndipo ankakhala kutali ndi miseche ya pa Benga. Azakhaliwo atamva kuti telala wa mpingo akufuna mbeta, anavina. Ankhoswe anakumana, zonse zinayenda ngati madzi a mumfuleni. Talandira atamuona Fidelis koyamba anagwada, n'kumwetulira chamumtima, chifukwa mnyamatayo anali wooneka bwino ndiponso wofatsa.

Ukwati unali waukulu. Diresi la mkwatibwi anasoka Fidelis yemwe, ndipo aliyense anati sanaonepo lokongola chotero. M'busa analalikira za nkhosa yotayika imene yapezeka. Mai Cathy ndiwo anatsogolera nthungululu, n'kuwakumbatira Mai Leah pakhomo la tchalitchi.

"Mwaona, amake Fide? Mulungu salephera. Ine ndinkanena chifukwa cha chikondi."

Mai Leah anagwedeza mutu. Ankayang'ana mwana wawo, yemwe ankagwirana chanza ndi anthu ngati munthu wolandira alendo pamaliro.

Makasitomala anabwerera. Fidelis anabwezeredwa ulemu wake wonse mumpingo, koma nyimbo anasiya kuyambitsa, ati pakhosi pakumuvuta. Anayamba kuonda. Akaweruka sankapita kunyumba msanga. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango uja, pomwe tsopano mayi wina ankagulitsirapo tomato. Kenako anthu anayamba kumuona akutuluka kumene amatcheza kachasu, iye amene sanalawepo ngakhale thobwa logona. Zimenezi akulu a mpingo sanazikhalire pansi. Amuna ambiri amamwa, anatero a Tedson, chachikulu ali pabanja.

Nthawi yokolola itakwana, kunamveka mbiri yakuti Steward wamwalira ku Dwangwa. Chifuwa chinamutsekera ali m'munda wa nzimbe, ndipo anaikidwa ndi anzake a ntchito. Mbiriyo inafika pa Benga maliro atapita kale. Fidelis sanalire pamaso pa anthu. Anatseka makina ake, n'kukhala masiku angapo osatuluka m'nyumba, osalankhula.

M'mawa wina Talandira anafika kwa apongozi ake. Anawapeza akupuntha mpunga, ndipo mosauzidwa anatenga musi wina n'kuyamba kuwathandiza. Anapuntha kwa kanthawi, kenako anaimika musi.

"Amayi, ndifunse nawo. Steward anali ndani?"

"Anali mnzake wa amuna ako. Ankakonza njinga."

"Amayi, ine si mwana. Chilowereni m'nyumba muja, mwana wanu amagona pamphasa, ine pabedi. Sanandimenyepo, sananditukwanepo. Sopo amagula, zovala amandisokera. Koma akandiyang'ana amakhala ngati akupepesa. Ndinkati mwina ndine wonyansa. Ndinapita mpaka kwa asing'anga, ndinamwa mizu yowawa. Kumjigo amayi akunditcha chumba." "Dzulo ndamupeza atakumbatira malaya akale a munthu wina, akulira ngati mwana. Ndiye wandiuza zonse."

Mai Leah anapitiriza kupuntha, koma musi unkagwera pambali.

"Inu munkadziwa?"

Mayiwo anafuna kukana. Anayang'ana mtsikanayo, maso ake ofiira, mikono yake yowonda, ndipo analephera kunama.

"Ndinkati ukwati umuchiritsa. Ndinkapemphera, mwana wanga."

"Pa Benga pano atsikana analipo ambiri. Munadutsa onsewo n'kukafika kwa Malengachanzi." Talandira ankalankhula motsitsa, mwaulemu wake womwe uja. "Munandisankha ine chifukwa ndilibe bambo kapena mlongo woti angabwere kudzakufunsani."

Nkhuku zinayamba kujompha mpunga womwe unatayikira pansi, ndipo palibe anaziingitsa.

"Ndiye nditani, amayi? Azakhali anamwalira, munda anatenga ana awo. Ndikapita kwa akulu a mpingo kuti ukwati uthe, andifunsa chifukwa. Ndikanena, mwana wanu amumanga. Ndikapanda kunena, ndine mkazi wothawa banja, andidula mumpingo. Ndiuzeni inu, poti ndinu mtsogoleri wa amayi."

Mai Leah anafunafuna m'mutu mwawo vesi, mwambi, chilichonse. Zaka zonse ankalangiza akazi a eni, mawu osawasowa. Tsopano anangopeza amodzi okha, omwe aja amauza mkazi aliyense wobwera akulira, ndipo anawamva akutuluka pakamwa pawo ngati akunena munthu wina.

"Banja ndi kupirira, mwana wanga."

Talandira anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsamiritsa musi pakhoma, anakonza chitenje chake, n'kugwada pang'ono monga mwa mwambo.

"Ndamva, amayi. Ndikaphike, mwina lero adya."

Mai Leah anamuyang'ana akutsika kanjira ka kumsika mpaka anakhota. Mpunga unali usanayere, koma manja awo anakana kunyamulanso musi. Anakhala pansi pafupi ndi mtondo, ndipo dzuwa linawapeza pomwepo mpaka linafika paliwombo.