A Mipando

"Nanga pansi pa dzinali tilembepo chiyani?" anafunsa wosindikiza, manja ali bii ndi inki.

Rayna ankayang'ana pepala lolengeza maliro a bambo ake, lija amamata pazitseko ndi pamitengo. Linali ndi dzina lokha, Stoil Gerchev. Pansi pake pankafunika mawu onena kuti munthuyo anali yani.

Bambo akewo anali mmodzi mwa amuna asanu ndi anayi amene anayambitsa kachipani ka m'tauni yawo. Dzina la kachipaniko linali lalitali moti eni ake omwe ankapumira pakati: Mgwirizano wa Nzika Zofuna Madzi Aukhondo ndi Chilungamo. Holo analibe. Ankakumana Lachinayi lililonse kuseri kwa nyumba yometera, aliyense atasenza mpando wake kuchokera kwawo. A zipani zikuluzikulu atawaona akudutsa pamsika ali mdipiti, anawatcha a Mipando, ndipo dzinalo linakanirira. Pachisankho chomwe anachita bwino koposa anapeza mavoti makumi anayi ndi imodzi.

"Lembani kuti mphunzitsi wopuma, basi," anatero Nedyalko, mwamuna wa Rayna, yemwe anali kalaliki kukhonsolo. "Zipani anaziletsa chaka chatha, ndipo limodzi la mapepalawa alimata pakhomo pa ofesi yathu. Mnzanga Kolev anamuchotsa ntchito chifukwa chokulunga tchizi m'nyuzipepala yakale ya chipani."

"Mphunzitsi!" anaseka madala Pencho, mmodzi yekha wa Mipando amene anatsala. Mosindikiziramo munali benchi, koma iwo anali atakhala pampando wawo womwe anabwera nawo. "Anaphunzitsa zaka zitatu, mkamwini, ndipo ana akewo mpaka lero kuchotsera kumawavuta. Pampando anakhalapo zaka makumi atatu."

"Nanga madzi aukhondo aja ali pati, madala?" anafunsa Nedyalko.

"Akubwera. Inu a kukhonsolo mukadzuka."

"Dzina lalitali lija silikwana pamzere," anatero wosindikiza. "Komanso palibe angadziwe kuti wamwalira ndani."

Rayna ankadziwa kuti bambo ake ankadana nalo dzina la Mipando. M'nyumba silinkatchulidwa, ndipo tsiku lina bambowo anamenya ndi chipewa wogulitsa anyezi amene anawakuwiza nalo. Ankadziwanso kuti panyumba pawo panali mipando itatu ya anthu anayi. Masiku ena mng'ono wake ankakhala pabokosi, koma Lachinayi, mpando umodzi utapita kumsonkhano, Rayna ankadya nyemba chiimire. Sabata yatha, mawu atayamba kale kuthawa, bambowo sanafunse za dokotala. Anafunsa ngati mwendo wa mpando uja anaukhoma.

"Ndipo mpandowo usatuluke m'nyumba," anapitiriza Nedyalko. "Zomasenza mpando wa malemu pambuyo pa bokosi zija zinatha. Mawa apolisi adzakhala ali pamsika."

"Onse asanu ndi awiri tinawaperekeza choncho," anatero a Pencho, akusisita mawondo. "Kungoti ine mipando iwiri sindingathe. Umodzi womwewu ndapumira katatu."

"Rayna, tanenako kanthu," anatero Nedyalko motsitsa mawu. "Ana athu sadya mipando."

Rayna anamuyang'ana. Kolala ya malaya ake inali yotembenuzidwa kachiwiri, ndipo anaisoka ndi iye yemwe. Nedyalko sankanama, ntchito ikanatha kuthadi.

Wosindikiza anali atatola kale zilembo za "mphunzitsi", akungodikira.

"Bwezerani zimenezo, bambo," anatero Rayna, akumanga mpango kumutu. "Lembani kuti wa Mipando. Mpandowo ndisenza ndine."