Batani Lachiwiri

Ku Petauke kunalibe munthu wosaidziwa galimoto ya aDaka. Inali Crown yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa, yochokera ku Japan kudzera ku Nakonde. Ukailiza, mkazi wina wosaoneka ankalankhula Chijapani m'kati mwake, ndipo anyamata a pa siteshoni ankati ndi mkazi wamng'ono akupereka moni kwa mwamuna wake. Sikunali kuseka kokhakokha. Eustace Daka, wogula mtedza ndi soya kwa alimi, ankaisamala galimotoyo kuposa momwe amuna ambiri amasamalira akazi awo, ndipo poti tikunena zoona, kuposa momwe iwo ankasamalira awo.

Loweruka lililonse ankaitsuka okha. Ndowa zinali ziwiri, ina ya thupi ina ya matayala, ndipo tsoka kwa wosokoneza nsalu zopukutira. Pansi pa mango sankaimikapo, ati mbalame zilibe ulemu. Wofuna kukwera ankayamba wagogoda nsapato, ndipo nkhuku, makala kapena nsomba za kapenta zinali zosayerekeza n'komwe. Inkayenda pa tala pokha: ku Minga, ku Nyimba, kamodzikamodzi ku Chipata.

Pachitseko cha woyendetsa panali timabatani tiwiri, kena kolembedwa 1, kena 2. Galimoto zodula zimakumbukira munthu. Ukakhala bwinobwino, n'kukonza mpando, chiwongolero ndi magalasi a m'mbali momwe ukufunira, umadina batani, ndipo basi yasunga. Loyamba linali la aDaka, munthu wamtali ngati nsungwi. Lachiwiri linali la akazi awo, aDainess, amene anali afupi ndithu, ndipo ankaloledwa kuyendetsa Lamlungu popita ku Misa, kapena bambowo akatopa.

Tsopano panali patatha chaka ndi miyezi iwiri aDainess atachoka pakhomo, ndipo chimene aDaka ankafuna pa dziko lonse lapansi chinali chimodzi, choti abwerere.

Nkhani yake inali yotere. M'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, amai ake a aDainess anaterereka pochokera kudimba kwawo ku Luembe, n'kuthyoka mwendo. Foni inalira m'mawa. ADainess anathamanga atanyamula kale kiyi m'manja, koma aDaka anawalanda mokoma, ngati munthu wolanda mwana mpeni.

"Njila ya ku Luembe mu mainza? Amake Goodness, iyi motoka ni yapansi. Izasiya mimba pa myala. Lekani nifune Canter."

Lole ya Canter anaipezadi, koma inali ndi ulendo wina wa feteleza, ndipo inakafika ku Luembe patatha masiku awiri. Mwendo unali utatupa, ndipo ngakhale achipatala anayesetsa, gogoyo anatuluka akutsimphina. ADainess sanakalipe. Analongedza chikwama chimodzi kuti akadwazike amai awo, ndipo ali pakhomo anangoti, "Mako ni mako, usamuone kuchepa mwendo." Mwendo unapola, mvula inatha, ina inabwera n'kuthanso, koma iwo osabwerera. Foni ankayankha, mwaulemu ndiponso mwachidule. Ankhoswe anapitako kawiri pa njinga yamoto, ndipo kawiri konseko anabwera ndi mawu amodzi akuti tamva. Mwana wawo Goodness, wa ku koleji ku Chipata, tchuthi anayamba kukathera kwa agogo ake.

Ndiye aDaka anayamba kachizolowezi kamene sakanauza munthu. Akamaliza kutsuka Loweruka, ankalowa m'galimoto, kutseka chitseko, n'kudina batani lachiwiri. Mpando unkayamba kung'ung'udza, kusendera kutsogolo pang'onopang'ono, kukwera, mpaka mawondo awo atapanikizika pansi pa chiwongolero ndipo mutu ukukhudza denga. Magalasi nawo ankaweramira pansi. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, ankakhala chopindika choncho, akuyang'ana mpanda wa pakhomo pake. Apa ndi pomwe pankafika msana wa aDainess, apa ndi pomwe pankafika phazi. M'nyumba fungo la mafuta awo odzola linali litatha kalekale, mbale zinali zitasinthasintha malo, koma galimoto yokha inali isanaiwale kutalika kwa aDainess. AEustace ankawasowa akazi awo mpaka kumva kuwawa m'chifuwa, ndipo ankachita manyazi kuti wowasungira mkazi ndi mpando.

Mu Epulo batire inayamba kufooka. M'mawa injini inkayamba yakoka mpweya ngati nkhalamba isanadzuke. Anaitengera kwa Musa, makanika yekhayo mu Petauke amene ankaloledwa kutsegula boneti yake, ndipo ngakhale iyeyo ankayamba wasamba m'manja. Musa ali m'kati mogwira ntchito, foni ya aDaka inalira. Anali mlimi wa ku Nyalugwe, wa nkhani zambiri, ndipo aDaka anapita kuseri kwa galaji kuti amve bwino. Pobwerera anapeza batire yakale ili pansi, yatsopano ili m'malo, Musa akupukuta zala.

"Yasila, bambo. Lizani mumve."

Inalira kamodzi n'kamodzi. Wotchi yokha ndiyo inasokonekera. ADaka anakonza wotchiyo, kenaka chala chinapita chokha pachitseko. Anadina 2. Kanangolira kuti pii, mpando osasuntha. Anadinanso, mwamphamvu. Zii.

"Musa! Wacita cani ku mupando?"

"Aa, ivo? Mukacosa batili, motoka izi zimaiwala. Ni zing'ono izo, bambo. Khalani bwino, tisetinge futi."

"Osati yanga. Ya namba tu."

"Namba tu ni ya ndani?"

ADaka anatuluka, n'kuyamba kumulalatira mnyamatayo za mawaya, za anthu ogwira ntchito ngati akuthamangitsidwa, za ulemu umene unatha m'dziko muno. Musa anangoima, sipanala ili m'manja, osamvetsa kuti munthu angapse mtima bwanji chifukwa cha mpando umene uli pomwepo, wosang'ambika. Kenaka anakumbukira amene ankayendetsa galimotoyo Lamlungu, ndipo anatsitsa mawu.

"Bambo, ine muyeso wao siniudziwa. Na imwe simungaupeze. Afunika abwele beve, akhalemo."

Madzi akatayika saoleka, aDaka ankadziwa zimenezo. Komabe atafika kunyumba anayesa. Anasendeza mpando kutsogolo ndi kabatani ka m'mbali, kuubweza pang'ono, kuukweza, kuutsitsa. Paliponse pomwe anauimika panali pa munthu wamfupi, koma munthu wake sanali aDainess. Anakhala m'menemo mpaka dzuwa linawatentha pa khosi, ndipo potuluka anali ataganiza chochita.

M'mawa mwake anavala jekete, anathira mafuta odzaza thanki, nalunjika ku Nyimba. Pa tala Crown inkayenda ngati ikuyandama, ndipo tsiku lina akanasangalala nazo. Pa Nyimba anagula shuga, sopo ndi mkoko wa nthochi kwa amai a m'mbali mwa msewu, ndipo nthochizo anaziika pa mpando wachikopa, osayala kanthu. Kenaka anakhota, tala n'kuisiya kumbuyo.

Sanayende patali pomwe mwala woyamba unagogoda pansi pa galimoto, ndipo aDaka anaumva m'mano. Wachiwiri unakanda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mvula inali itangotha kumene, msewu uli migula yokhayokha, ndipo matayala a mathirakita anali atasiya msana pakati. Nthambi za minga zinkalemba m'mbali mwa zitseko. Pa kamtsinje kena kouma bampa inakodwa, n'kutsala ikulendewera mbali imodzi, ndipo aDaka anatsika, anaimangirira ndi luzi. Amai ena ochokera kumunda anaima kuonerera bwana wa jekete akusenda khungwa ndi mano.

Chomwe chinawapweteka kwambiri sichinali bampa. Chinali chakuti galimoto inkapita ndithu. Inkalira, inkakhula pansi, koma inkapita. Ikanapitanso chaka chatha, mwina ndi matope, mwina mokankhidwa, koma ikanafika tsiku lomwelo. Ankayendetsa akukonza mawu oti akanene, ndipo onse ankaoneka aafupi.

Anafika dzuwa lili pamutu. Mudzi unali wa nyumba zochepa, nkhokwe zatsopano zikumangidwa poyembekezera chimanga. Ana anathamangira galimoto, koma aDaka sanawaletse kuigwira. ADainess anali pabwalo akuyanika mtedza pa mphasa. Anali atada pang'ono ndi dzuwa, atamanga duku lomwe aDaka sankalidziwa, ndipo ataimirira, mtima wa bamboyo unagunda ngati wa mnyamata. Anali afupi kuposa momwe mpando unkanenera.

"Mwabwela, aDaka."

"Nabwela, amake Goodness."

ADainess anawalandira katundu, anawaikira mpando pansi pa mtengo, anabwera ndi madzi m'kapu n'kugwada powapatsa. Zonse mwadongosolo lake. Kenaka anayang'ana galimoto ija, fumbi lake, bampa yomanga ndi luzi, mafuta akudontha pang'onopang'ono pansi pake.

"Kansi ifika," anatero.

"Ifika. Ninalakwa, amake Goodness. Ninalakwa maningi. Nabwela kuti tiyende kunyumba."

"Njila ni yamene ija. Sibanaikonze."

"Niziwa."

ADainess anabwerera pa mtedza wawo, n'kumausalaza ndi chikhatho, ngakhale unali wosalala kale. ADaka anafuna kuwauza za batani, za Loweruka lililonse, za mawondo opanikizika, koma anaona kuti akatero akhala akukambanso za galimoto.

Chitseko cha nyumba yaikulu chinatseguka, ndipo panayamba kutuluka ndodo. ADaka anadzuka msanga, anakokera mpando wawo patali, nakhala chammbali, maso pansi, monga achitira mkamwini. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu za ukwati, iwo ndi apongozi awo anali asanagwiranepo chanza, asanayang'ananepo m'maso, asanadyerepo pamodzi. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Moni ankapatsirana patali, akuwomba m'manja, mawu akudzera mwa mwana kapena mwa aDainess. Ndiwo ulemu wake, ndipo pa zimenezo zokha aDaka anali asanalakwitsepo.

Anayamba kuwomba m'manja, kudikira kuti gogoyo akhale pakhonde. Koma ndodo sinaime pakhonde. Inkabwera, go, go, phazi lina likukwekwereza m'fumbi, kudutsa bwalo lonse, mpaka aDaka anaona zala za kumapazi zili patsogolo pawo. Kenaka anaona dzanja, lotambasulidwa.

"Muli tyani, aDaka?"

Anakweza maso. Aka kanali koyamba kuiona bwinobwino nkhope ya mai amene anawaberekera mkazi. Inali nkhope yabwino, yopanda mkwiyo, ya maso ngati a aDainess, ndipo inkawayang'ana mosaphethira. Dzanja linali likadali pomwepo. ADaka anayang'ana kwa akazi awo kuti awapulumutse, koma aDainess anali ataweramira mtedza. Panalibe kuchitira mwina. Analigwira dzanjalo, ndipo linali lofunda, lokhakhala.

Gogoyo anakhala pa mphasa pafupi nawo, mwendo wodwala atautambasula, n'kuyamba kucheza. Anafunsa mtengo wa mtedza ku Petauke chaka chino. Anafunsa ngati soya akadali ndi msika. Anaseka za bampa, n'kunena kuti luzi la kuno n'lolimba, likafika. Anatuma ana kuti agwire nkhuku, ati mlendo wochokera kutali sabwerera ndi njala.

"Osacita nsoni, aDaka, lyani. Pano palibe wocita naye nsoni lomba."

Anadyera pa mphasa imodzi, apongozi akuwasankhira chiwalo chabwino. ADaka ankatafuna osamva kukoma. Akanakonda kutukwanidwa. Akanakonda gogoyo akanatseka chitseko, kapena kuwatembenukira msana, pakuti munthu amene akukupewa ndiye kuti akukuwerengerabe. Koma apa ankalandiridwa bwino kwambiri, monga alandiridwira wogula mtedza aliyense wodutsa m'mudzi, ndipo anamvetsa kuti nkhani inaweruzidwa kale iwo asananyamuke ku Petauke.

Dzuwa litapendeka anatsanzika. Anayang'ana pansi pa injini, anathira oyilo amene anali naye m'buti, natembenuza galimoto mosamala kuti asaponde mphasa. ADainess anawaikira kathumba ka mtedza kumbuyo, natseka chitseko pang'onopang'ono, momwe aDaka anawaphunzitsira. Sanayandikire kutsogolo. ADaka anatsitsa galasi, akuyembekezabe liwu limodzi, ngakhale loti tidzaona.

Amene analankhula anali gogo uja, atatsamira ndodo yake, akumwetulira.

"Muyende bwino, aDaka. Mukapeleke moni kunyumba."

"Akamva," anayankha aDaka, poti ndi momwe munthu amayankhira. Kunyumbako kunalibe woti akamve.