Mtedza wa Pamwamba pa Beseni

Chilala cha chaka chatha chinasiyira Enelesi wa ku Pembamoyo chitini chimodzi chokha cha mtedza wa mbewu. Anachivundikira ndi nsanza, nachibisa pansi pa bedi, ndipo ngakhale mwamuna wake, a Yosiya, sankaloledwa kuchisuzumira. Sunali mtedza wamba ayi. Unali chalimbana wa malemu mayi ake, wa njere zikuluzikulu, umene mayiwo analandira kwa mayi awo, naubzala chaka ndi chaka mpaka pamene anatsikira kulichete. Anzake onse anali atathamangira mbewu zamakono zogula ku boma. Enelesi ankaona kuti mbewu imeneyi ikangotha, ndiye kuti mayi ake amwalira kachiwiri.

M'Baibulo mwake munali tsamba louma la mtedza, pamalo pamene Mulungu analonjeza Nowa kuti dziko likadalipo, nyengo yobzala ndi yokolola sizidzaleka. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, ankatsegula pamenepo, kuikapo chala, n'kuyamba kupemphera ngati akulankhula ndi mnansi kuseri kwa mpanda.

"Atate, munanena nokha. Ine sindinakuumirizeni. Onani, pali apa."

A Yosiya, munthu wokonza njinga amene pakamwa pake sipankauma nthabwala, ankaseka akumva zimenezi.

"Amake Lonia, kodi Mulungu mwamusandutsa mwana wa sukulu woiwala homuweki?"

"Saiwala," ankayankha Enelesi. "Woiwala ndine. Ndimangonena mokweza kuti tonse awiri timve."

Mwezi wa Okotobala unafika ndi dzuwa loswa mtengo. Masana dziko linkachita ngati likuyandama. Mapiri ankanjenjemera patali, njira ya ku chigayo inkaoneka ngati mtsinje, ndipo nyenje zinkalira mpaka munthu osadziwanso ngati phokosolo lili mumtengo kapena m'mutu mwake. Tsiku lina Enelesi atatha kuunda mizere anakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa munda, tulo n'kumuba. Anaona mayi ake akuyenda pamzere, atamanga chitenje chawo chobiriwira chija, akugwetsa njere ndi kukwirira ndi chidendene, osawerama n'komwe. Mizereyo sinkathera kumalire. Inkakwera pang'onopang'ono mpaka m'mitambo, mayiwo akungopitabe, akubzala mumlengalenga. Enelesi anafuna kuwaitana koma mawu anakana kutuluka. Chimene chinamudzutsa ndi dontho lozizira pamphumi.

Mvula inagwa madzulo onsewo. Fungo la dothi linalowa m'nyumba, m'zovala, ngakhale m'madzi akumwa. Enelesi anaima pakhomo atatambasula manja, mtima ukudumpha ndi chimwemwe. Anali atapempha, anali atalota, ndipo yankho linali likugwa padenga pake. Kodi munthu angafunenso umboni wina wotani?

"Mawa ndibzala," anatero.

A Yosiya anasiya sipoko imene ankawongola. "Iyi ndi chizimalupsa, amake Lonia. Yangobwera kudzazima tchire lopserera, mawa yapita. Ndi mwana yemwe amadziwa kuti sitibzala nayo."

"Mvula ndi mvula."

"Basi siyaniko theka la nsawazo m'chitini."

"Kusiya theka n'kumuuza Mulungu kuti ndikumukayikira."

A Yosiya anapukusa mutu. Ankamudziwa mkazi wawo: akaluma mano, ngakhale ng'ombe ziwiri sizingamukoke. M'mawa mwake Enelesi anabzala chitini chonse, akukwirira ndi chidendene ngati mayi ake. Anthu odutsa panjira ankamupatsa moni waulemu, n'kukasekera patsogolo.

Patatha sabata mtedza unamera, timasamba tobiriwira titapindana ngati manja a khanda. Kenako thambo linayera mbee. Sabata yoyamba Enelesi ankati ibwera. Yachiwiri anayamba kusenza madzi kuchokera kumjigo, ndowa zisanu ndi imodzi patsiku, koma dothi linkangomeza osathokoza. Ankapempherabe, chala chili pamalo pomwe paja, koma mawu ake anali atayamba kuuma. Pofika sabata yachinayi mizere inali itabwerera mwakale, yofiira, yopanda kanthu. Anafukula ndi chala napeza kamuzu kakuda kopyapyala ngati ulusi.

Anakwiya. Inde, anamukwiyira Mulungu, ndipo Baibulo analiika pansi pa bedi pamene panali chitini chija. A Yosiya sanaseke ngakhale kamodzi, sananene n'komwe kuti "ndinakuuzani", ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa chipongwe.

Mkwiyo utatsika, m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera kwambiri: anakumbukira beseni. Zaka zitatu zapitazo, chaka chimene mtedza unachita kusefukira m'nkhokwe, linafika Sabata la masika, tsiku limene aliyense amapita ndi zokolola zake kutchalitchi kukathokoza. Enelesi anaumira. Anadzaza beseni ndi mphwephwa, timtedza tonyala tija tosafuna ndi nkhuku zomwe, ndipo pamwamba anawazapo chalimbana wonenepa wokwana m'manja muwiri. Anasenza beseni lija akuimba pamzere wa amayi a Chigwirizano, anthu akuyamikira kuti Enelesi ndiye wapereka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Sanauzepo munthu. Tsopano anakhala pakhonde masiku ambiri akulingalira kuti Mulungu wamubwezera muyeso womwewo: pamwamba mvula, pansi fumbi. Akulu amati kupatsa n'kuika, nanga iye anaika chiyani?

Mvula yeniyeni inabwera kumayambiriro kwa Disembala, yodekha, yogwa tsiku lonse. Mudzi wonse unathera kuminda. Enelesi anatsala pakhonde akuyang'ana madzi akutsika paudzu wa denga, ndipo kuseri kwa madziwo zonse zinkaoneka ngati zili kutali, ngati dziko la m'maloto aja. M'nkhungu imene inakuta njira munatulukira munthu akukankha njinga, atafunda pepala lapulasitiki. Poyamba anaganiza kuti akulotanso. Anali a Mathews, mkulu wa mpingo wokalamba amene ankasamalira dimba la tchalitchi m'mphepete mwa dambo.

"Odi kuno!"

"Afike, abambo." Enelesi anawayalira mphasa, nagwada powapatsa moni.

Atafunsana za m'nyumba, a Mathews anamasula kathumba pakaliyala. "Mayi, tandibwerekani lichero."

Anakhuthula. Njere zinagubuduka palichero ndi phokoso limene Enelesi ankalidziwa kuyambira ali mwana. Anatola imodzi, naitembenuza. Ukulu wake, khungu lake, kamphuno kopindika kumapeto. Unali chalimbana wa mayi ake.

"Abambo, mwautenga kuti?"

"Ndi wanu womwe. Chaka chija cha masika, nditaona nsawa za m'beseni lanu ndinati izi sizogulitsa, izi ndi za malemu mayi anu. Ndinapempha akulu anzanga, ndinakabzala kudimba. Chaka chotsatira ndinabzalanso. Chilala chija ndinkathirira ndi keni mpaka msana unandikana, koma zinapulumuka. Bambo Yosiya atandiuza dzulo zimene zinakuonekerani, ndinati mbewu ibwerere kwawo."

Enelesi anayang'ana pansi. Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi. Akanatha kungothokoza, nkhani n'kuthera pomwepo, koma lilime linamutsogolera.

"Abambo, beseni lija... pansi pake..."

"Ndinakhuthula ndine, mayi," anatero a Mathews mofatsa, akufinya madzi pachipewa. "Zabwino zinali pamwamba pokha, zokwana m'manja muwiri. Ndinasankha imodziimodzi. Zimenezo ndi zomwe mukuziona apazi."

"Nanga mphwephwa zija?"

"Tinakazinga. Ana a Sande sukulu anakukuta, ndipo palibe anabwera kudzadandaula."

Enelesi anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasinthira pati. Zaka zitatu zonsezi mkuluyu ankamupatsa moni pakhomo la tchalitchi, akudziwa, osanena kanthu, kwinaku akuthirira. Ndipo Wina wamkulu kuposa a Mathews ankadziwanso. Pa nthawi imene Enelesi ankaloza chala palonjezo m'mawa uliwonse, lonjezolo linali likukula kale kudambo, kuchokera m'kachinyengo kake komwe.

A Mathews anatsanzika msanga, poti nawonso anali ndi mizere yowadikira. Enelesi anakwawira pansi pa bedi natulutsa Baibulo, nalipukuta fumbi ndi chitenje. Tsamba la mtedza lija linali litafumbutuka, koma malowo anawapeza. Anaikapo chala monga mwa masiku onse. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake aja, akuti munanena nokha, koma ulendo uno sanatuluke. Anatseka Baibulo, natenga lichero lija, natuluka m'mvulamo.

A Yosiya anamupeza kumunda chakumasana, atanyowa chonyowa, akugwetsa njere ndi kukwirira ndi chidendene. Anaima pamalire manja ali m'chiuno.

"Lero mwasiyako theka, amake Lonia?"

"Ndasiya m'manja muwiri," anayankha Enelesi osatembenuka. "Si zanga. Mukawapatse a Mathews, akabzalenso kudimba."

A Yosiya anafuna kuponya nthabwala, koma ataona nkhope ya mkazi wawo anaimeza. Anavula nsapato, natapa njere m'lichero, nalowa mumzere wachiwiri.