Chikasu ndi Buluu wa Mayi Dorika

Chaka cha chisankho chija, Mayi Dorika ankaphunzitsa ana a mkombaphala pansi pa mtengo wa nimu kwa Mbenje. Penti analibe. Ankasinja mizu ya chikasu n'kuviika m'madzi, buluu n'kutenga uja wochapira zovala.

Lachiwiri lina anathira madzi achikasu m'chibekete, nadonthezeramo buluu, natakasa ndi kamtengo. Madzi aja anasanduka obiriwira. Ana anakuwa, ena kuvina, aliyense kulimbirana kamtengo kuti atakase yekha.

M'mawa mwake kunatulukira a Paison, wapampando wa komiti ya sukulu, atavala malaya a chipani chawo. Moni sanapereke.

"Mayi, mdzukulu wanga akuti chikasu chikakumana ndi buluu, zonse ziwiri zimatha, n'kutsala chobiriwira. Mwayamba kuphunzitsa ndale ana a zaka zinayi? Wakutumani ndani?"

"Bambo, awa ndi madzi chabe."

"Madzi a chipani chiti?"

Anakankha chibekete ndi phazi. Madzi anamwazikira pa diresi la kamtsikana kotchedwa Imelda, ndipo kanayamba kulira.

Mtima wa Mayi Dorika unachita kuwira. Anaimirira.

"Denga la sukulu litapita ndi madzi osefukira, simunabwere. Phala la anawa litatha, simunabwere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupsa ndi dzuwa pano, simunandifunsepo kuti tsiku layenda bwanji. Lero mwachita kulawirira kudzalimbana ndi chibekete? Manyazi mulibe?"

Amayi amene ankatunga madzi pa mjigo anasiya ndowa zawo n'kubwera kudzaonerera. Mmodzi anaseka mokweza. A Paison anatukula maso, naloza chala.

"Sukuluyi yatsekedwa mpaka tivote!"

Ndipo inatsekedwadi. Anzawo a m'komiti ankadziwa kuti nkhaniyo ndi yopanda mutu, koma palibe anafuna kudana ndi munthu wachipani nthawi ngati imeneyo. Zimenezi ndi zimene zinamupweteka kwambiri Dorika.

Anasamutsira anawo pakhonde la nyumba yake. Pa ana makumi atatu, ankabwera khumi ndi mmodzi okha. Anawaphunzitsa kusakaniza chikasu ndi dothi lofiira, ndipo ankayankhula mokweza dala kuti odutsa mumsewu amve.

Patatha milungu itatu chisankho chinachitika, komiti n'kutuma membala wake, Mayi Esinala, kukauza Dorika kuti abwerere ku mtengo. Dorika anafunsa ngati a Paison abwere kudzapepesa kwa ana. Esinala anangoyang'ana pansi.

"Ndiye mukawauze kuti pakhonde pano mthunzi ulipo," anatero Dorika.